Zimene Mafupa Amatiuza za Zirombo za Makosi Aatali

Ana asukulu a ku Kanyama, Matero, Chawama, Kalingalinga, Mtendere ndi George, pamodzi ndi inu aphunzitsi ao, phunziro lathu la lero likunena za nyama zimene palibe munthu ndi mmodzi yemwe anazionapo zamoyo. Nyamazi ndizo madainoso a makosi aatali, amene akatswiri a sayansi amawachula kuti masoropodi. Zinali zazikulu kupambana nyama zonse zimene zinayendapo pamtunda, ndipo zina mwa izo zinakhala m'dera lathu lomwe lino, m'cigwa ca Zambezi ndi kumpoto kwa Malawi. Zotsiriza zinafa zaka mamiliyoni 66 zapitazo. Tsono funso lathu ndi ili: popeza palibe anaziona, tidziwa bwanji maonekedwe ao, ndipo tidziwa bwanji kuti iyi inali mbale wa iyo?

Muno mu Lusaka, anthu awiri osadziwana akakumana pamaliro kapena pamsika, amafunsana mfunda, mudzi ndi mfumu, kufikira atapeza pamene pali cibale cao. Mafupa sangayankhe mafunso otere, koma ali ndi zizindikiro zimene munthu wodekha angathe kuziwerenga monga muwerengera buku. Lero tiphunzira kawerengedwe kameneka.

Liu lakuti dainoso analipeka ndi Richard Owen wa ku England m'caka ca 1842, ndipo m'Cigiriki litanthauza buluzi woopsa. Lakuti soropodi analipeka ndi Othniel Marsh wa ku America m'caka ca 1878, kutanthauza phazi la buluzi. Maina onse awiri asakusokeretseni, pakuti nyamazi sizinali abuluzi konse, monga tiona kutsogoloku.

Mmene fupa limasandukira mwala

Nyama ikafa kuchire, kawirikawiri afisi, miimba ndi nyerere zimaimaliza, ndipo mafupa otsala amafumbutuka ndi dzuwa ndi mvula. Koma nthawi zina nyama imafera m'mbali mwa mtsinje, madzi osefukira n'kuikwirira msanga ndi matope kapena mcenga. Pakupita kwa zaka zosawerengeka matope aja amaunjikana, nauma kukhala thanthwe. Madzi oyenda pansi pa nthaka amalowa m'timabowo ta fupa, nasiyamo mcere wa m'miyala pang'onopang'ono, kufikira fupa lija litalemera ndi kulimba ngati mwala, maonekedwe ake osasintha. Zoterezi zimacitikanso ndi mitengo. Amene munayendapo pa mseu wa ku Chirundu, pafupi ndi mphambano ya ku Siavonga, mwina munaona zipika za mitengo zosanduka miyala zimene boma limazisunga monga cuma ca dziko.

Wina angafunse kuti, nanga m'miyala imene amai amaphwanya ku Kanyama, kapena imene amapangira simenti ku Chilanga, mulibe mafupa otere? Iai, mulibe. Miyala ya laimu ya mu Lusaka ndi yakale kupitirira zaka mamiliyoni 500, ndipo inaumbika kusanakhale nyama iliyonse ya mafupa yoyenda pamtunda. Madainoso anayamba kuoneka zaka pafupifupi mamiliyoni 230 zapitazo. Cotero wofuna mafupa a nyama zakale ayenera kutsikira kuzigwa, monga ca Zambezi ndi ca Luangwa, kumene kuli miyala ya mcenga ndi ya matope ya nyengo zapambuyo pake.

Khosi

Gwirani kumbuyo kwa khosi lanu. M'menemo muli mafupa 7. Mbuzi nayo ili ndi 7. Nyamalikiti wa ku Luangwa, amene khosi lake limafika pafupifupi mamita 2, nayenso ali ndi 7 basi, kungoti fupa lililonse ndi lalitali kwambiri. Soropodi anatalikitsa khosi lake mwa njira ziwiri: mafupa ake anali aatali, komanso anali ambiri, kuyambira 12 kufikira 19. Wina wa ku China wochedwa Mamenchisaurus anali ndi mafupa 19, ndipo khosi lake linapitirira mamita 9.

Yesani kunyamula nsungwi yaitali mutaigwira kumapeto kumodzi, ndipo mudzaona msanga bvuto limene nyamayi inali nalo. Mafupa atiuza zinthu zitatu zimene zinapeputsa mtolowo.

Coyamba, mutu unali waung'ono zedi poyerekeza ndi thupi. Ng'ombe imatafuna ndi kubzikula, cotero ifunika nsagwada zolimba ndi mano aakulu akumbuyo, ndipo zonsezi zimalemeretsa mutu. Soropodi analibe mano otafunira. Mano ake anali obudulira masamba cabe, ndipo masambawo anali kuwameza athunthu kuti akagayike pang'onopang'ono m'mimba mwake mwamukulumo.

Caciwiri, mafupa a m'khosi ndi a msana anali amphako. M'mbali mwao muli maenje, m'kati muli timazipinda, ndipo mu ena mwa iwo malo a mpweya anaposa theka la fupa lonse. Cimene cinatsala ndico timakoma topyapyala ta fupa, tolukana monga mitanda ya denga la nyumba, tolimba koma topepuka. Tsiku limene kwanu adzaphika nkhuku, pemphani fupa lakumtunda la phiko. Mudzaona kabowo kumutu kwake, ndipo mukalithyola mudzapeza mphako. Mbalame ili ndi matumba a mpweya olumikizana ndi mapapu, ndipo nthambi za matumbawo zimalowa m'mafupa. Maenje a m'mafupa a soropodi ndi ofanana ndi a mbalame, cotero akatswiri amati nayenso anali kupuma mwa njira yomweyo. Kapumidwe kameneka kanamuthandizanso kukoka mpweya wabwino kupyola m'mmero wautaliwo.

Cacitatu, pansi pa mafupa a m'khosi panali nthiti zoonda zoloza kumbuyo, zina zotalika kupitirira mita imodzi, zosanjikizana ngati bango la mpanda. Izi zinathandiza kulimbitsa khosi.

Phindu la khosi lotere linali lakuti nyama inali kuima pamalo amodzi ndi kudya masamba a kumanja, kumanzere, pansi ndi pamwamba, osasuntha thupi lake lolemeralo. Mphamvu imene ikanathera poyenda inapita kukakulitsa thupi.

Miyendo, mapazi ndi mazira

Penyani buluzi pa cipupa ca nyumba. Miyendo yake imatulukira m'mbali, mimba n'kumakhudza pansi. Fupa la nchafu ya soropodi lisonyeza zosiyana: mutu wake umalowa m'ciuno cam'mbali, fupalo n'kutsika molunjika pansi pa thupi ngati nsanamira. Umu ndi mmene njovu imaimira. Mafupa a phazi lakutsogolo anaimirira mozungulira ngati citini codulidwa mbali imodzi, ndipo phazi lakumbuyo linali ndi zikhadabo zazikulu ndi mnofu wocindikala kucidendene.

Aphunzitsi, m'mabuku ena akale mudzapeza zithunzi za masoropodi atamira m'dambo mpaka m'khosi ngati mvuu. Akatswiri akale anaganiza kuti nyama yolemera cotere siingathe kuima pamtunda. Maganizowa anasiyidwa m'zaka za m'ma 1970, pamene kunaoneka kuti miyendo, mapazi ndi cifuwa n'za nyama ya pamtunda, ndi kuti nyama yomira mozama cotero ikanalephera kupuma cifukwa ca kupanikiza kwa madzi.

Masoropodi anali kuikira mazira. M'caka ca 1997, pa malo ochedwa Auca Mahuevo ku Argentina, anapeza mazira zikwizikwi osanduka miyala, ena ali ndi mafupa a tiana m'kati. Dzira lililonse ndi laling'ono kuposa mpira wa miyendo. Taganizani: nyama yoposa njovu zingapo inayamba moyo ili yonyamulika m'manja.

Malamulo awiri opezera cibale

Mwaona kale kuti kufanana kwa kunja kumanyenga. Nyamalikiti ndi soropodi onse ali ndi makosi aatali, koma mafupa akana kuti ndi abale. Nyamalikiti amabala mwana wamoyo ndi kumuyamwitsa, ndipo mafupa ake 7 amuika pamodzi ndi mbuzi ndi inu. Mwa nyama zonse zamoyo lero, zapafupi kwambiri ndi soropodi ndizo mbalame, kenaka ng'ona. Mbalame zinacokera ku fuko la madainoso odya nyama oyenda ndi miyendo iwiri, ndipo fukolo ndi la masoropodi ali ndi tsinde limodzi. Nkhuku imene ikupalasa paseli pa nyumba yanu ndi mbale wa zimphonazi kuposa mmene aliri nyamalikiti.

Lamulo loyamba ndi ili: cibale capafupi cimadziwika ndi cizindikiro catsopano cimene nyama zingapo zili naco, koma makolo ao akale analibe. Kukhala ndi miyendo inai sikutiuza kanthu, pakuti kamba, cule ndi galu onse ali nayo. Koma ngati nyama ziwiri zili ndi mfundo ya mcira yopangika mwacilendo, imene sipezeka mwa zina zonse, n'kutheka kuti zinaitengera kwa kholo limodzi.

Lamulo laciwiri ndi lakuti cizindikiro cimodzi sicikwana. Akatswiri amalemba zizindikiro mazanamazana za m'mutu, msana, ciuno ndi miyendo, nayerekeza nyama zambiri nthawi imodzi, masiku ano mothandizidwa ndi kompyuta. Mtengo wa cibale umene ugwirizana ndi zizindikiro zambiri ndiwo amauvomera, ndipo fupa latsopano likapezeka amauyesanso.

Ndi malamulo awiriwa, tiyeni titsate mbiri ya fukoli m'maiko otizungulira, kuyambira pa kholo laling'ono kufikira pa zimphona.

Makolo a m'cigwa ca Zambezi

Kutsidya kwa Zambezi, moyang'anana ndi tauni ya Luangwa, kuli boma la Mbire m'dziko la Zimbabwe. Kumeneko akatswiri a ku America ndi a ku Zimbabwe anafukula mafupa a kanyama ka zaka pafupifupi mamiliyoni 230, ndipo m'caka ca 2022 anakacha dzina lakuti Mbiresaurus raathi. Kutalika kwake kunali kosafika mamita 2, kulemera kwake ngati mbuzi, ndipo kanali kuyenda ndi miyendo iwiri. Komabe kamutu kake kakang'ono, khosi lotalikirapo ndi mano ake zisonyeza kuti kanali ka fuko limene pambuyo pake linabala masoropodi.

Zambia nayo ili ndi gawo lake. Ku Lusitu, kumunsi kwa damu la Kariba, kunapezeka mafupa a mwendo wakumbuyo ndi a msana m'miyala ya mcenga. Jonah Choiniere ndi Paul Barrett anawafotokoza m'caka ca 2015, nasonyeza kuti ndi a nyama ya fuko lomweli, imodzi mwa zimene zinatsogolera masoropodi enieni. Uyu ndiye dainoso woyamba wa m'Zambia kufotokozedwa mwatsatanetsatane m'mabuku a sayansi. Sanamupatse dzina, pakuti mafupawo ndi ocepa, osakwanira kumusiyanitsa ndi abale ake.

M'caka ca 1969, pa cisumbu cina ca m'nyanja ya Kariba, kumbali ya Zimbabwe, kunapezeka mafupa ambiri a nyama yaikulu: ciuno, miyendo ndi mcira, koma mutu ndi khosi panalibe. Pafupi pake panali mano akuthwa ngati mipeni, ndipo miyala ya pamalopo inali ya ciphalaphala ca mapiri ophulika. Cifukwa ca ici, m'caka ca 1972 Michael Raath anacha nyamayo Vulcanodon karibaensis, kutanthauza dzino la phiri la moto la ku Kariba, ndipo anaiyesa imodzi mwa makolo aja, mwina yodyako nyama. M'caka ca 1975 Arthur Cruickshank anaona kuti fupa lacisanu la phazi lakumbuyo ndi lalitali ngati anzake, monga zikhalira mwa masoropodi. Kenaka m'caka ca 1984 Michael Cooper anasonyeza kuti mano aja sanali ake konse, koma a dainoso wina wodya nyama, amene mwina anagwetsa manowo pakudya mtembowo.

Lero Vulcanodon amadziwika monga mmodzi wa masoropodi oyambirira, wa zaka zapakati pa mamiliyoni 175 ndi 200. Thupi lake lisunga zakale ndi zatsopano pamodzi. Mafupa ena a m'ciuno ndi ofanana ndi a makolo ake, koma miyendo ndi ya nsanamira, yakutsogolo yotalika mokwanira kuyendera, ndipo mafupa a msana ogwirana ndi ciuno anafika 4, pamene makolo ambiri anali ndi 3. Dzina lolakwika lija linakhalabe, pakuti mwambo wa sayansi sulola kusintha dzina cifukwa cokha cakuti tanthauzo lake lapezeka losayenera.

Nthambi ziwiri za ku Tendaguru

Pofika zaka mamiliyoni 150 zapitazo, masoropodi anali atagawika m'nthambi ziwiri zazikulu, ndipo zonse ziwiri zinapezeka pamalo amodzi, pa phiri la Tendaguru, kufupi ndi Lindi m'dziko la Tanzania. Kuyambira 1909 kufikira 1913, Ajeremani amene anali kulamulira dzikolo anakumbitsa mafupa oposa matani 200. Okumba anali Aafirika mazanamazana, kapitao wao wamkulu anali Boheti bin Amrani, ndipo amtengatenga anasenza mafupawo pamutu ndi pamapewa ulendo wa masiku 4 kukafika kudoko. Mafupawo ali ku Berlin kufikira lero.

Nthambi yoyamba ndi ya abale a Diplodocus wa ku America. Awa anali ndi mano oonda ngati mapensulo, okhala kutsogolo kwa kamwa kokha, miyendo yakutsogolo yofupikirapo, ndi mcira wautali wothera ngati cikoti. Ku Tendaguru nthambiyi iimiridwa ndi Tornieria ndi Dicraeosaurus, amene khosi lake linali lalifupi, la mafupa 12 okhala ndi minga yamphanda pamwamba. Mbale wao wina wa ku Niger, Nigersaurus, anali ndi mano oposa 500 ndipo anali kudya zomera zapansi.

Nthambi yaciwiri ndi ya masoropodi a mphuno zazikulu ndi mano otambalala ngati supuni kapena chizulo. Wochuka wa ku Tendaguru ndi Giraffatitan, wa mafupa 13 m'khosi lopitirira mamita 8, amene miyendo yake yakutsogolo inatalika kuposa yakumbuyo. Mafupa ake oimikidwa ku Berlin afika mamita 13 kupita m'mwamba, ngati nyumba ya nsanjika 4. Kwa zaka zambiri anali kuchedwa Brachiosaurus, dzina la mbale wake wa ku America, kufikira akatswiri atayerekeza fupa ndi fupa napeza kusiyana kokwanira kumupatsa dzina lakelake. M'nthambi yomweyi ndimo munaturuka fuko lotsiriza la masoropodi, lochedwa mataitanoso, ndipo kuti tilione ciyambi cake tipite ku Malawi.

Malawisaurus wa ku Karonga

M'zaka za m'ma 1920, katswiri wa miyala Frank Dixey anatola mafupa m'dera la Mwakasyunguti, m'boma la Karonga. Sidney Haughton wa ku South Africa anawafotokoza m'caka ca 1928, nawacha Gigantosaurus dixeyi, powayesa a mbale wa nyama ina ya ku Tendaguru. Mafupa anali ocepa, cotero nkhaniyo inakhala comweco kwa zaka zoposa 60. M'zaka za m'ma 1980 ndi kuciyambi kwa m'ma 1990, Louis Jacobs wa ku Southern Methodist University ku America, mogwirizana ndi nthambi ya boma la Malawi yosamala zinthu zakale, anakumbanso pamalopo, napeza mafupa ambiri, kuphatikizapo zidutswa za mutu. Ici cinali camtengo wapatali, pakuti mitu ya masoropodi ndi yopyapyala ndipo siipezeka kawirikawiri. M'caka ca 1993 nyamayo inapatsidwa dzina latsopano, Malawisaurus dixeyi. Mmodzi wa anai amene analemba dzinalo anali Elizabeth Gomani, mwana wa m'Malawi momwemo, amene m'caka ca 2005 anafotokoza mafupa onse mwatsatanetsatane, nachanso soropodi waciwiri wa pamalopo dzina lakuti Karongasaurus.

Malawisaurus anakhala zaka zoposa mamiliyoni 100 zapitazo. Kutalika kwake kunapitirira mamita 9, ngati maminibasi awiri oimikidwa motsatizana. Mutu wake unali waufupi ndi wokwera, ndipo pamodzi ndi mafupa ake panapezeka timafupa tina tophwatalala tokhala m'cikopa, monga ta pamsana pa ng'ona.

Tsono taonani lamulo loyamba likugwira nchito. Mwa masoropodi ambiri, mafupa a mcira amakumana ndi nkhope zophwatalala, ngati zitini zosanjikizana. Mwa mataitanoso, fupa lililonse lili ndi dzenje kutsogolo ndi nundu yozungulira kumbuyo, nunduyo n'kulowa m'dzenje la fupa lotsatira monga munsi mu mtondo. Malawisaurus ali ndi mfundo zotere kuciyambi kwa mcira, kufupi ndi ciuno, koma capakati mfundo zake ndi zophwatalala ngati za makolo. Mataitanoso apambuyo pake ali nazo pafupifupi mcira wonse. Ndiye kuti Malawisaurus ndi taitanoso ndithu, osati mbale wa Tornieria, koma waima kufupi ndi tsinde la fukolo. N'cifukwa cake katswiri aliyense wofufuza mataitanoso, kaya ali ku Argentina kaya ku China, amayerekeza mafupa ake ndi a ku Karonga.

Lamulo laciwiri nalo lioneka pa mano. Mataitanoso apambuyo pake, pamodzi ndi Karongasaurus, anali ndi mano oonda ngati mapensulo, ofanana ndi a Diplodocus, ndipo kale ici cinacititsa akatswiri ena kuika mafuko awiriwa pamodzi. Koma mano a Malawisaurus ndi otambalalirapo, ndipo msana, ciuno ndi miyendo ya mataitanoso zonse ziloza kwa Giraffatitan. Mano oonda anaoneka kawiri, m'nthambi ziwiri zosiyana, monga mmene khosi lalitali linaonekera mwa soropodi ndi mwa nyamalikiti. Zizindikiro zambiri zinagonjetsa cimodzi.

Cifanizo ca mafupa onse a Malawisaurus caimikidwa m'nyumba yosungiramo zinthu zakale ya ku Karonga, imene inatsegulidwa m'caka ca 2004.

Abale kutsidya kwa nyanja

Abale a Malawisaurus apezeka kufupi ndi kutali. Ku Tanzania, pafupi ndi nyanja ya Rukwa, kuli Rukwatitan, amene anachulidwa dzina m'caka ca 2014. Ku Madagascar kuli Rapetosaurus, ku India kuli Titanosaurus, amene anapatsa fuko lonse dzina, ndipo ku Argentina kuli Argentinosaurus ndi Patagotitan, amene anapitirira mamita 30 m'litali ndi matani 50 pakulemera, kuposa njovu zazikulu 8.

Nyama zosatha kuoloka nyanja yamcere zinafika bwanji ku maiko onsewa? Yankho lili pa mapu. Kale Africa, South America, India, Madagascar, Australia ndi Antarctica anali mtunda umodzi waukulu, umene akatswiri amaucha Gondwana. Mtundawo unang'ambika pang'onopang'ono, ndipo Africa ndi South America anatsiriza kulekana zaka pafupifupi mamiliyoni 100 zapitazo. Makolo a mataitanoso anafalikira mitunda ikali yolumikizana, ndipo ena anafika ku Asia, ku Ulaya ndi ku North America. Cigawo ciliconse citalekana ndi cinzake cinatenga nyama zake, zimene zinapitiriza kusintha kumeneko, monga mmene abale osamukira kutali amasinthira kalankhulidwe koma mfunda n'kukhala womwewo.

Mukapeza fupa lotere

Ambiri a inu mumapita kumudzi pa chuthi, ena ku Siavonga ndi ku Chirundu, ena ku cigwa ca Luangwa, kumene kumapezeka mafupa a nyama zakale koposa madainoso. Kumtunda kwa cigwaco, kufupi ndi Sitwe, kunapezeka Lutungutali, mbale wapafupi wa madainoso, amene anachulidwa dzina m'caka ca 2013. Mukaona mwala wooneka ngati fupa m'mbali mwa khwawa, musaukumbe, musauphwanye, ndipo musaugulitse. Kumbukirani mano a ku Kariba: ngakhale akatswiri amene anaona zonse zili pamalo ake anatenga zaka kuti alekanitse mafupa a nyama ziwiri. Fupa locotsedwa pamalo ake lataya theka la nkhani yake, pakuti thanthwe limene lagonamo ndilo limanena zaka zake. Zindikirani malowo bwino, uzani aphunzitsi kapena a mfumu, ndipo iwo adziwitse bungwe la National Heritage Conservation Commission, limene lamulo la m'caka ca 1989 linalipatsa udindo wosamala zinthu zotere m'Zambia. Nyama ya ku Lusitu inasowa dzina cifukwa ca kucepa kwa mafupa, ndipo fupa limodzi losungidwa bwino lingathe kumasula zimene mafupa khumi ophwanyika alephera.

Nchito ya m'kalasi

Aphunzitsi, nchito izi sizifuna ndalama.

1. Tambasulani cingwe ca mamita 23 pabwalo. Mita iliyonse iimire zaka mamiliyoni 10. Kuciyambi ikani Mbiresaurus. Poyesa kucokera kumapeto, ikani Giraffatitan pa mamita 15, ndi kutha kwa masoropodi pa mamita 6 ndi masentimita 60. Munthu wakale wa ku Kabwe, amene cigaza cake cinapezeka m'caka ca 1921 ndipo ndi ca zaka pafupifupi 300,000, adzakhala pa masentimita 3 okha kucokera kumapeto. Ana aone okha kuti munthu ndi soropodi sanakumanepo.

2. Ana abweretse mafupa otsukidwa bwino a khosi la nkhuku ndi la mbuzi. Awawerenge, awajambule, ndi kupeza limene lili ndi timabowo ta mpweya.

3. Ndi dongo, aumbe mafupa a mcira a mitundu iwiri, ophwatalala ndi a munsi mu mtondo, nawalumikize kuti aone kusiyana kwa kapindidwe kake.

4. Jambulani Africa ndi South America pa katoni, muwadule, ndipo ana ayese kuwalumikiza.

5. Funsani funso ili, ndipo musalandire yankho lopanda cifukwa cake: pakati pa nkhuku ndi nyamalikiti, mbale wapafupi wa Malawisaurus ndani, ndipo ndi mafupa ati amene atiuza zimenezi?

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Werengani mafupa mosafulumira, yerekezani musanaweruze, ndipo mukhale okonzeka kusintha yankho pamene umboni watsopano wafika. Tsalani bwino, ana asukulu, kufikira phunziro lotsatira.